Ndege, kabaza ndi vuto la kumasulira mawu oti "public transport"

Pali mawu awiri a Chingerezi omwe omasulira nkhani amawalumpha ngati kangalande, chonsecho ndi chigwembe: "public transport". Pa wailesi, m'nyuzipepala ndi m'zikalata zomasuliridwa timakumana ndi "galimoto zonyamula anthu", "mayendedwe a anthu onse", "zoyendera za anthu wamba", mwinanso "mtengatenga wa anthu". Ena akatopa amangoti "thiransipoti", nkhani yathera pomwepo. Onsewa amakhulupirira kuti akunena chinthu chimodzi. Ine ndikuti sakunena chinthu chimodzi, ndipo pa onsewa, mawu omwe amamveka ngati a anthu ophunzira, "mayendedwe a anthu onse", ndiwo ofooka kuposa anzawo.

Njira yachidule yoonera zimenezi ndi kufunsa funso lomwe eni Chingerezi amakanganirana okhaokha: kodi ndege ili m'gulu limeneli? Ena amati inde, chifukwa aliyense wogula tikiti amakwera, amakhala ndi anthu osawadziwa, ndipo ndegeyo ili ndi nthawi ndi njira yake yoikika. Ena amati ayi, chifukwa akamva mawuwa m'mutu mwawo mumabwera basi ya m'tauni ndi sitima yopita nayo kuntchito. Funsoli ndikufuna ndilibweretse kwathu kwa Nthache, m'boma la Mwanza, komwe ndege timangoiona ili kadontho kumwamba, koma komwe malankhulidwe a tsiku ndi tsiku ali ndi zambiri zotiuza pa nkhaniyi.

Liwu limodzi, matanthauzo anayi

Vuto lagona pa liwu loti "public". Chichewa chilibe liwu limodzi lolowa m'malo mwake, ndipo uku si kusauka kwa chilankhulo ayi. Chingerezi ndicho chinaunjika zinthu zinayi m'thumba limodzi, pomwe ife timazisiyanitsa.

Choyamba ndi umwini. Chipatala chachikulu cha pa Mwanza timati chipatala cha boma, sukulu timati ya boma, posiyanitsa ndi ya mishoni kapena yapulayiveti. Chachiwiri ndi kutsegukira aliyense: mjigo wa pamudzi, msika, msonkhano womwe mfumu yaitana. Chachitatu ndi kuchitira chinthu pamodzi ndi ena, monga tikamati munthu walankhula pagulu. Chachinayi ndi cha anthu wamba, chinthu chomwe munthu wopanda udindo ndi wopanda chuma amachifikira.

Tiyeni tiike ndege pa sikelo zinayizi, pambali pake tiikepo minibasi ndi kabaza.

Pa umwini, ndege ikupambana mosavuta. Air Malawi, yomwe inayamba mu 1964 ngati nthambi ya Central African Airways ndi kuima payokha mu 1967, inali ya boma mpaka pomwe inathetsedwa mu 2013. Kampani yomwe inalowa m'malo mwake, Malawi Airlines, boma lili ndi magawo 51 pa 100 aliwonse, ndipo 49 otsalawo ndi a Ethiopian Airlines. Pomwe minibasi ndi ma Sienta oyenda pakati pa Mwanza ndi Blantyre ndi a anthu, wina ali ndi imodzi, wina zitatu. Njinga ya kabaza nayo ndi ya mnyamata woyendetsayo kapena ya bwana wake. Ndiye womasulira akati "zoyendera za boma", walowetsa ndege, watulutsa minibasi. Palibe amene angavomere zimenezo.

Pa kutsegukira aliyense, zonse zitatu zikulowa. Palibe amene amakufunsa mtundu kapena mpingo pogula tikiti ya ndege. Pa kukwera pagulu, ndege ndi minibasi zikulowa, kabaza akutuluka, pajatu amayenera kunyamula munthu mmodzi, ngakhale tonse taonapo njinga yamoto itasenza mayi, mwana ndi thumba la chimanga. Pa sikelo yomaliza, ya anthu wamba, ndege ndiyo ikutuluka.

Kuwerengera kwake nkwakuti ndege yapeza zitatu pa zinayi, kabaza ziwiri. Kutengera masamu amenewa, ndege ndi "public" kuposa kabaza. Koma pitani pa siteji iliyonse ya mumsewu wa M6, mufunse anthu kuti atchule zokwera zomwe akuzidziwa. Kabaza abwera koyambirira. Ndege mwina siitchulidwa n'komwe, ndipo mukaikumbutsa anthu aseka. Masamu akasemphana ndi khutu la eni chilankhulo, wophunzira za zilankhulo sathamangira kunena kuti anthuwo alakwitsa. Amafunsa kuti kodi iwowo akugwiritsa ntchito sikelo iti.

Zomwe malankhulidwe amaulula

Poyamba tione zomwe Chichewa sichisamala nazo. Sichisamala kwenikweni ngati chokweracho chikuyenda pamtunda, pamadzi kapena mumlengalenga. Mneni ndi mmodzi: kukwera. Timakwera njinga, ngolo, lole, basi, bwato, ndege, monga momwe timakwerera mtengo ndi phiri. Liwu loti sitima, lochokera ku "steamer", limagwira ntchito pa ya pamadzi ndi ya pamtunda yomwe. Choncho amene akuti ndege ili payokha chifukwa imauluka sakupeza umboni m'chilankhulochi. Mapiko si nkhani.

Chomwe Chichewa chimasamala nacho ndi ubale wa wokwera ndi woyendetsa, ndipo pali zizindikiro zingapo zoonetsa zimenezi.

Chizindikiro choyamba ndi kamphatikiri kakang'ono "wa-". Timati wakabaza, wamatola, wangolo, wa minibasi. Apa chokwera chasanduka munthu, munthu yemwe ungamutume, ungamukongole, ungamudandaulire. "Ndamutuma wakabaza akatenge ufa kuchigayo." "Wamatola uja lero sanabwere, akuti kwawo kwagwa maliro." Tsopano yesani kunena kuti "wandege". Lilime likulola, koma khutu likukana. Timati woyendetsa ndege, kapena kampani ya ndege, mawu aatali osonyeza kuti munthuyo ali patali nafe.

Chachiwiri ndi aneni oti kuimitsa ndi kutsitsa. Minibasi umaiimitsa ndi dzanja paliponse. Potsika umatchula chizindikiro chomwe nonse mukuchidziwa: "Akondakitala, munditsitse pa mjigo paja." "Pa mtengo wa mango, adiraiva!" Siteji yeniyeni ndi pomwe wokwera wanena.

Chachitatu ndi kunenerera. "Achimwene, ndaperewera pang'ono, ndithandizeni." Kondakitala amakalipa, kenako amati kwerani. Mtengo ulipo, koma uli ndi mpata wa chifundo, ndipo umasintha ndi mvula, ndi kusowa kwa mafuta, ndi kukula kwa dengu la manachesi lomwe wanyamula.

Chachinayi ndi nthawi. Funsani pa depoti kuti, "Inyamuka nthawi yanji?" Yankho lake ndi liwu limodzi: "Ikadzadza." Apa pali chinthu choseketsa. Matanthauzo ambiri a Chingerezi amati "public transport" iyenera kukhala ndi ndandanda ya nthawi. Potsatira zimenezo ndege ya ku Chileka ikukhoza mayeso, minibasi ya ku Mwanza ikulephera. Tanthauzo lobwerekalo likutulutsa kunja chokwera chomwe chimanyamula pafupifupi aliyense.

Chachisanu ndi liwu lija loti thiransipoti. Tinalibwereka, koma tinalipatsa ntchito ina. Munthu akati "ndilibe thiransipoti" sakutanthauza kuti pamsewu palibe galimoto, akunena kuti m'thumba mulibe ndalama yokwerera. Mlendo akamatsazika timamupatsa thiransipoti. Kumsonkhano wa bungwe anthu amadikira kubwezeredwa thiransipoti. Ndipo tikati "thiransipoti yakwera", mneni yemwe uja watembenuka, tsopano chokwera ndi mtengo, ife tatsala pansi. Koma ndalama yolipira ndege sitiitcha thiransipoti. Timati tikiti ya ndege. Thiransipoti ndi ndalama yomwe ungapemphe kwa amalume popanda manyazi. Tikiti ya ndege ndi nkhani yoitanira banja lonse.

Pa zizindikiro zisanu zonsezi ndege ikugwa. Siiimitsidwa, siinenereredwa, siidikira kudzadza, ilibe "wa-", ndipo ndalama yake ili ndi dzina lina.

Nanga sitima? Nanga kochi?

Wina anditsutsa apa, ndipo ali ndi mfundo. Sitima ya pamtunda yochoka ku Limbe kudzera ku Balaka mpaka ku Nayuchi suiimitsa ndi dzanja. Ilala, yomwe yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira 1951, suiuza kuti ikutsitse pa mtengo wa mango. Makochi a pakati pa Blantyre ndi Lilongwe ali ndi matikiti, mipando ya manambala ndi nthawi yonyamukira. Mabasi a ku Joni omwe amadutsa pa chipata cha Mwanza kulowera ku Zobue, Tete, Harare mpaka Beitbridge amafuna pasipoti, chimodzimodzi ndege. Komatu palibe amene amakayika kuti zonsezi ndi zokwera za anthu. Ndiye kuti zizindikiro zanga zija si mpanda wopanda mpata.

Zoona, si mpanda. Zili ngati mabwalo ozungulira, lina mkati mwa linzake. Pakatikati pali kabaza, matola ndi minibasi, zomwe zili ndi zizindikiro zonse. Kunja pang'ono kuli basi yaikulu ndi sitima. Kunja kwake kuli kochi. Ndege ili kumphepete kwenikweni. Umu ndi momwe magulu ambiri a mawu amakhalira m'chilankhulo chilichonse: pali zitsanzo za pakati zomwe aliyense amavomereza, ndi za m'mphepete zomwe anthu amakanganirana. Nkhuku ndi mbalame, koma mwana ukamuuza kuti ajambule mbalame sajambula nkhuku.

Funso labwino tsono ndi lakuti, n'chiyani chikusunga Ilala mkati mwa bwalo pomwe ndege ili kumphepete? Ndikuona zinthu ziwiri. China ndi katundu. M'chipinda cha pansi cha Ilala mumalowa matumba a usipa, chimanga, malata, nkhuku. Basi ya ku Joni pobwerera imakoka ngolo yodzadza ndi mabulangete, mafiriji ndi njinga. Chokwera cha anthu kwathu kuno chimanyamula munthu pamodzi ndi moyo wake. Ndege imayeza sutikesi pa sikelo n'kukuuza kuti yapyola. China, chomwe ndi chachikulu, ndi kudalira. Munthu wa pa chilumba cha Likoma kapena Chizumulu amadalira sitima kuti apeze sopo, apite kusukulu, akafike kuchipatala chachikulu. Sitimayo ikawonongeka, moyo wa pachilumba umagwedezeka. Ndege za ku Chileka zikaleka kuuluka sabata yathunthu, kwa Nthache palibe angadziwe. Koma akabaza atanyanyala ntchito tsiku limodzi lokha, mayi woyembekezera safika kuchipatala.

Kuti mapiko si vuto, umboni uli ku Scotland. Pa zilumba za Orkney pali kandege kakang'ono koyenda pakati pa Westray ndi Papa Westray, ulendo wa mphindi ziwiri zokha kapena kucheperapo. Khonsolo ya kumeneko imathandiza kulipira maulendowa kuti mtengo ukhale wofikirika, ndipo aphunzitsi, ana asukulu ndi azaumoyo amakakwera. Kumeneko ndege ndi kabaza wawo. Chomwe chaisandutsa chokwera cha anthu si mtundu wa makina, koma kuti anthu wamba amaidalira ndipo amaikwanitsa.

Pomwe anthu wamba ankakwera ndege

Mbiri yathu ili ndi chitsanzo chomwe chimasokoneza mbali zonse ziwiri za mkanganowu. Dzina la depoti ya mabasi ya Wenela mu Blantyre linachokera ku Witwatersrand Native Labour Association, bungwe lomwe linkalemba anthu okagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, bungweli linali ndi ndege zakezake. Amuna ochokera m'midzi ya kuno ankakwezedwa ndege mpaka ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo kumeneko ankakwera sitima ya pamtunda kupita ku migodi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi imeneyo. Ndiye kuti panali nthawi yomwe mlimi wosadziwa kulemba dzina lake ankakwera ndege, pomwe mphunzitsi wa pamudzi pawo anali asanaionepo mkati.

Pa 4 Epulo 1974, ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo anthu oposa 70 anafa, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo. Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977, bungwelo litasintha dzina kukhala TEBA, lomwe agogo athu amalitchula kuti Theba, ndipo inadzatheratu mu 1988.

Kodi ndege za Wenela zinali "public transport"? Zinkanyamula anthu wamba, ochuluka, pagulu, mobwerezabwereza. Koma sizinali za aliyense. Mayi wofuna kukaona mwamuna wake ku Joni sakanagula mpando. Wokwera anali yekhayo amene wadinda chala pa kontirakiti. Mvetserani momwe achikulire omwe anapitako amafotokozera: kawirikawiri amati "anatitenga pa ndege", "anatikweza ndege". Wochita ndi wina, iwo ndi ochitiridwa. Pomwe za basi amati "ndinakwera". Galamala yokha ikusiyanitsa wokwera ndi wonyamulidwa.

Apa ndi pomwe ndimakayikira liwu loti mtengatenga, lomwe timalimva m'dzina la unduna woona za maulendo. Amtengatenga anali anthu osenza katundu pamutu m'nthawi ya atsamunda, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, amuna zikwizikwi a ku Nyasaland anagwidwa kukasenza katundu wa asilikali, ambiri osabwerako. Liwuli limayang'ana kwa wonyamula ndi katundu wake. Likakhala pa malole a fetereza ndi matanki a mafuta odutsa pa chipata cha Mwanza, likukhala bwino. Koma "mtengatenga wa anthu" amamuika wokwera m'malo a thumba. Ndege za Wenela zinalidi mtengatenga wa anthu. Minibasi, ndi kuthithikana kwake konse, si choncho: wokwera amasankha, amakangana, amatsika akafuna.

Chifukwa chake nkhaniyi si yongocheza

Wina anganene kuti awa ndi masewera a anthu a ku yunivesite. Koma mawu amenewa amalowa m'malamulo, m'zilengezo ndi m'mafunso a kafukufuku, ndipo kumeneko kusamveka kwake kumagwera anthu.

Taganizani za 2020. Mliri wa Covid-19 utafika, boma linaimitsa maulendo a ndege zonyamula anthu kuyambira pa 1 Epulo, ndipo bwalo la ndege la Kamuzu linatsegulidwanso pa 1 Sepitembala. Padera, linalamula kuti mabasi ndi minibasi achepetse chiwerengero cha okwera. Onani kuti pa ntchito yeniyeni ndege inali ndi lamulo lake, galimoto zinali ndi lawo. Palibe amene anasokonezeka za ndege. Chisokonezo cha mawu chili kumunsi. Chilengezo chikati "galimoto zonyamula anthu", wakabaza ali ndi ufulu wonse woganiza kuti sichikumukhudza, poti njinga si galimoto. Mwini lole yomwe imanyamula anthu tsiku la msika anganenenso kuti yake ndi galimoto ya katundu. Liwu lomwe lasankhidwa ndilo likunena yemwe lamulo lamugwira ndi yemwe lamuphonya.

Kafukufuku naye ali ndi vuto lomwelo. Pa zolinga za chitukuko zomwe mayiko a United Nations anagwirizana mu 2015, cholinga 11.2 chimakamba zoti pofika 2030 anthu onse akhale ndi zokwera zodalirika, ndipo muyeso wake umawerenga anthu okhala pa mtunda wosapyola mamita 500 kuchokera pokwerera basi. Muyesowu anaupangira mizinda, koma mafunso a mtundu umenewu amayenda, ndipo tsiku lina amafika pakhomo la kumudzi atamasuliridwa. Wofunsa akati, "Kodi pafupi pano pali mayendedwe a anthu onse?", gogo ayankha chiyani? Akaganiza za wakabaza wa kuseri kwa nyumba ati alipo, ndipo mudziwo ulembedwa kuti uli bwino, chonsecho mvula ikagwa galimoto siifikako. Akaganiza za basi ati kulibe, ndipo anyamata omwe akunyamula mudzi wonse pa njinga sawerengedwa paliponse. Mayankho onse awiri ndi oona, ndipo onse awiri ndi osokeretsa, chifukwa funsolo silinanene chomwe likufuna.

Lamulo nalo lili ndi mzere wake. Galimoto yololedwa kunyamula anthu molipiritsa imakhala ndi nambala yofiira ndi zilolezo zake. Matola ambiri alibe zimenezi, n'chifukwa chake amakhalira kuzembana ndi apolisi apamsewu. Kutengera lamulo, ndege ya Malawi Airlines ndi yovomerezeka kotheratu kunyamula anthu, pomwe pikapu yomwe imatulutsa anthu ndi manachesi awo kumidzi ya kutali ndi tala ndi yolakwa. Kutengera moyo wa anthu, pikapuyo ndiyo basi yawo. Ndipo m'boma lomweli la Mwanza mumadutsa njanji yochokera ku Moatize kupita ku doko la Nacala, yomwe kampani ya Vale inamanga. Sitima timaiona, koma ndi ya malasha. Kukhala pafupi ndi njanji, kapena pansi pa njira ya ndege, sikutanthauza kuti uli ndi chokwera.

Kuyeza mawu omwe alipo

Tibwerere tsono kwa omasulira, tione mawu awo limodzi ndi limodzi.

"Mayendedwe a anthu onse" ali ndi zilema ziwiri. Mayendedwe ndi kayendedwe, momwe munthu kapena chinthu chikuyendera. Timati "mayendedwe ake ndi okayikitsa", kapena pofunsa mlendo, "mayendedwe anali bwanji?" Si dzina la chinthu chokwera. Ndipo "anthu onse" ndi lonjezo lomwe palibe chokwera chingalikwaniritse. Mayendedwe a anthu onse enieni kwa Nthache ndi wapansi. Mawuwa anabadwa pomasulira liwu ndi liwu, ndipo sindinamvepo munthu akuwalankhula pa siteji.

Pali nthabwala ya mbiri pamenepa. Liwu loti basi linachokera ku Chilatini, "omnibus", kutanthauza "kwa onse", dzina lomwe linapatsidwa ngolo zokokedwa ndi mahatchi zonyamula anthu ku France m'zaka za m'ma 1820. Angerezi analidula, natsala ndi "bus", komwe ndi kumchira chabe kwa liwulo. Mbali yotanthauza "onse" inatayika panjira, ife tinalandira mchira. Kenako opanga ndege a ku Ulaya anatola mchira womwewo n'kutcha kampani yawo Airbus. Dzina lokha likunena kuti ndege ndi basi ya mumlengalenga, koma "onse" uja sanabwererebe.

"Galimoto zonyamula anthu" ndi mawu abwino, omveka, achichewa chenicheni. Vuto lawo ndi lakuti ndi opapatiza: amasiya kabaza, bwato, sitima ndi ndege. Agwiritsidwe ntchito pomwe nkhani ikunenadi za galimoto zokha.

"Zoyendera za anthu wamba" akunena zoona za momwe zinthu zilili, koma ali ndi kafungo ka kunyoza, ngati kuti pali zokwera za anthu ndi zokwera za mabwana, ndipo ziyenera kukhala choncho. M'nkhani yodzudzula kusiyana kwa olemera ndi osauka mawuwa ndi akuthwa bwino. M'chikalata cha lamulo sayenera.

"Thiransipoti" ndi liwu lamoyo, ndipo sindikugwirizana ndi omwe amalithamangitsa chifukwa choti ndi lobwereka. Galimoto, ndege ndi sitima nawonso ndi obwereka: ndege ndi liwu la Chiswahili lotanthauza mbalame. Koma poti thiransipoti kwa ambiri ndi ndalama, chiganizo choti "boma likonza thiransipoti" chingamveke ngati kukubwera zogawa.

Anzathu oyandikana nawo sanavutike kufunafuna liwu la gulu lonse. Kungowoloka pa Zobue mumva chapa, ku Zimbabwe kombi, ku Tanzania daladala, ku Kenya matatu, ndipo ku South Africa "taxi" ndi minibasi. Konsekonse anthu anatcha dzina chokwera chomwe amachidalira, dzina la gulu analisiyira a m'maofesi. Ifenso njinga yonyamula anthu ili ndi mayina osiyana malinga ndi dera, kabaza kuno, sakaramento ku Mzuzu. Kuchuluka kwa mayina kumasonyeza pomwe pali moyo wa chilankhulo. Ndege ili ndi dzina limodzi dziko lonse.

Maganizo anga

Liwu lomwe anthu ali nalo kale ndi zokwera. "Kumeneko zokwera n'zosowa." "Mwapeza chokwera?" Ndi lalifupi, limachokera ku mneni yemwe amagwira pa zonse, ndipo limayang'ana kwa wokwera osati kwa wonyamula. Womasulira ayambire pamenepo, kenako awonjezere chomwe nkhaniyo ikufuna.

Ngati nkhani ndi ya lamulo, chitetezo, inshuwalansi kapena ufulu wa wokwera, anene kuti zokwera zolipira. Mmenemo ndege ilimo, pamodzi ndi kochi, sitima, minibasi ndi kabaza, pakuti aliyense wolandira ndalama kuti anyamule munthu ali ndi udindo pa moyo wa munthuyo. Ngati nkhani ndi ya chitukuko, ya bajeti, ya momwe anthu amafikira kumsika, kusukulu ndi kuchipatala, anene kuti zokwera za tsiku ndi tsiku, kapena zokwera zomwe anthu amadalira. Mmenemo ndege ya kuno mulibe, ndipo kuilowetsamo kungapangitse kuti ndalama zokonzera bwalo la ndege ziwerengedwe ngati zathandiza ulendo wa mayi wa kwa Nthache. Ngati ndi chilengezo chofuna kuti anthu achitepo kanthu, asafunefune liwu la gulu n'komwe. Atchule mayina: minibasi, mabasi, ma Sienta, matola, kabaza wa njinga yakapalasa ndi wa njinga yamoto. Chiganizo chitalika, koma aliyense adziwa ngati akumunena.

A Centre for Language Studies ku Zomba, omwe analowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, ndiwo ali ndi udindo wokonza mawu a ntchito zosiyanasiyana, ndipo ndikanakonda kuti pa mawu ngati awa asatipatse liwu limodzi lolowa paliponse. Atipatse awiri kapena atatu, ndi kufotokoza pomwe lililonse likuyenera.

Kodi tsono ndege ndi "public transport"? M'Chingerezi cha malamulo, inde. M'Chichewa cha kwa Nthache, ndi chokwera, ndi cholipira, koma si chodaliridwa, ndipo chachitatuchi ndicho anthu amayezera. Yankholi likhoza kusintha, monga zilili ku Orkney, tsiku lomwe ndalama ya ndege idzayambe kutchedwa thiransipoti. Pakadali pano womasulira asataye nthawi yambiri kumphepete kwa bwalo komwe kuli ndege. Ayang'ane pakati, aone ngati mawu omwe wasankha akumutchula wakabaza, chifukwa ndi iyeyo amene amagwa m'chiganizo kawirikawiri.